Khadi la mafuta: zoyenera kudziwa musanasainire



Thumba la mpunga likachoka ku sikimu, kapena dengu la matemba likachoka padoko la Kachulu, silifika lokha ku Songani, ku Zomba kapena ku Limbe. Pamafunika galimoto, ndipo galimoto imafuna mafuta. Choncho ngakhale inu amene mulibe lole, nkhani ya dizilo ndi yanu ndithu. Mwini galimoto akawononga zambiri papampu amakweza mtengo wonyamulira thumba, ndipo wogula mpunga amabweza ndalama yakeyo pokutsitsirani mtengo pamunda.

Masiku ano eni malole, eni mapikapu a matola, eni zigayo komanso makomiti a makalabu akumafunsana za khadi la mafuta. Ena amva kwa achibale oyendetsa mathiraki ku Joni kuti khadilo limachotsera mtengo. Ena alonjezedwa kuti ndi khadi sadzakhalanso pamzere. Tiyeni tione bwinobwino chimene khadili limachita kuno kwathu, chimene silingachite, ndi mafunso ofunika kufunsa musanaike ndalama zanu.

Mtengo wa mafuta amaika ndani?

Ku America malo omwetsera mafuta aliwonse amadziikira mtengo wawo, ndipo ku South Africa boma limaika mtengo wa petulo wa papampu koma wa dizilo eni malo amaika okha. N'chifukwa chake kumeneko makampani a makhadi amatha kupikisana pochotserako mtengo kwa eni mathiraki. Achibale athu a ku Joni sakunama ayi, akunena zimene amaona kumeneko.

Kuno ku Malawi zinthu n'zosiyana. Mtengo wa petulo, dizilo ndi palafini umalengezedwa ndi bungwe la MERA, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la Energy Regulation Act la 2004. Mtengo umene MERA yalengeza ndiwo malire, wogulitsa saloledwa kupitirira pamenepo. M'kati mwa mtengowo muli ndalama yogulira mafutawo kunja, yowanyamulira kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, misonkho yosiyanasiyana monga wokonzera misewu ndi wa magetsi a kumidzi, kenako kaphindu ka kampani yobweretsa mafuta ndi ka mwini filing'i siteshoni. Amene amaitanitsa mafuta ambiri ndi kampani ya boma ya NOCMA ndi ya Petroleum Importers Limited. Ena mwa mafuta a ku Nacala amalowa pa sitima kudzera ku Nayuchi ndi Liwonde, pafupi ndi ife pompano.

Tanthauzo lake ndi ili: phindu la mwini filing'i siteshoni pa lita imodzi ndi laling'ono ndipo linawerengeredwa kale. Sangakuchotsereni zambiri popanda iye kuluza. Makampani akuluakulu amene amagula malita zikwizikwi pamwezi amatha kukambirana zawo ndi ogulitsa, koma mwini lole imodzi kapena ziwiri asayembekezere zimenezo. Munthu akabwera ndi khadi n'kunena kuti muzigula dizilo motsika kwambiri kusiyana ndi mtengo wa MERA, mufunseni kuti ndalama yotsalayo akulipira ndani. Akasowa yankho, musapereke kanthu.

Nanga khadili ndi chiyani kwenikweni?

Makampani ogulitsa mafuta monga Puma Energy ndi TotalEnergies ali ndi makhadi amene munthu amalipirira mafuta m'malo mopereka ndalama pamanja. Enanso monga Petroda, Engen ndi Mount Meru mukhoza kuwafunsa njira zimene ali nazo. Makhadiwa ali m'mitundu iwiri.

Woyamba ndi wolipiriratu. Mumaika ndalama zanu kukampaniyo, iwo amaziika m'khadi, ndipo nthawi iliyonse mukamwetsa, ndalamazo zimachepa mpaka kutha. Zili ngati mayunitsi a magetsi a Escom kapena a foni.

Wachiwiri ndi wa ngongole. Mumamwetsa mwezi wonse kenako kampani imakutumizirani bilu. Kawirikawiri mtundu uwu amapatsa mabizinesi olembetsedwa, ndipo amafuna chikole kapena kalata ya ku banki.

Pa mitundu yonse iwiri khadi limakhala ndi nambala yachinsinsi. Nthawi zambiri mwini wake akhoza kulimangirira ku nambala ya galimoto imodzi, kuika malire a malita kapena ndalama patsiku kapena pamwezi, ndi kulamula kuti lizigula dizilo yekha basi. Kumapeto kwa mwezi mumalandira sitetimenti yoonetsa tsiku, malo ndi malita amene anathiridwa. Apa ndiye pagona phindu lenileni la khadi kuno kwathu: limasunga mbiri ndipo limachotsa ndalama pamanja.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze lole ya matani atatu yonyamula mpunga kuchoka ku Domasi kupita ku Limbe. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 80, kupita ndi kubwera 160. Tinene kuti loleyo imayenda makilomita 8 pa lita, ndiye kuti ulendo umodzi ukudya malita 20. Tiike lita pa K3,500 kuti masamu aphweke, inu mudzaikepo mtengo wa tsikulo. Ulendo umodzi ndi K70,000. Maulendo 8 pamwezi ndi malita 160, kapena K560,000.

Tsopano tinene kuti wina wakuchotserani K30 pa lita. Pamwezi mwapulumutsa K4,800. Si zoipa, koma ndi ya sopo chabe.

Nanga ngati pa ulendo uliwonse malita awiri okha amasowa osadziwika kolowera? Mwina ndalama ya dizilo inagulako chakudya panjira, mwina galimoto inakhotera kwina kukanyamula matola, mwina thanki ikudontha. Malita awiri kuchulukitsa ndi maulendo 8 ndi malita 16, omwe ndi K56,000 pamwezi. Mwaona kusiyana kwake? Ndalama yaikulu siili pa kuchotsera mtengo, ili pa kudziwa kumene lita iliyonse yapita.

Tisamvane molakwika, sitikunena kuti madalaivala ndi akuba. Ambiri mwa iwo ndi ana athu, alamu athu, anthu okhulupirika amene amagona panjira chifukwa cha katundu wathu. Khadi limatetezanso iwowo. Dalaivala woyenda ndi K200,000 m'thumba usiku ali pangozi ya achifwamba, ndipo mafuta akatha msanga chifukwa cha matope a msewu wa ku Kachulu, amakayikiridwa popanda umboni. Pakakhala zolembedwa, ubale susokonekera chifukwa cha mphekesera.

Mafunso ofunsa musanasainire

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pitani ku ofesi ya kampaniyo kapena kwa manijala wa filing'i siteshoni ndi mafunso awa, ndipo mayankho ake akhale olembedwa papepala.

Loyamba: khadili limagwira ntchito pati? Khadi la kampani imodzi limagwira pamalo a kampani yomweyo basi. Lembani njira zimene galimoto yanu imayenda, kaya ndi M3 kupita ku Zomba ndi Limbe, kaya kulowera ku Liwonde ndi Mangochi, kaya ku Lilongwe kudzera ku Balaka ndi pa mageti olipiritsa a Chingeni ndi Kalinyeke. Kenako werengani malo a kampaniyo amene ali m'njira zimenezo. Ngati muli ku Domasi, ulendo ndi wa ku Liwonde, koma khadi likukukakamizani kubwerera kaye m'tauni ya Zomba, mwawonjezera makilomita oposa 30 kupita ndi kubwera. Amenewo ndi malita anayi, K14,000 yapita musananyamule n'komwe thumba limodzi.

Lachiwiri: mafuta akasowa zimakhala bwanji? Tonse tikukumbukira mizere ya 2011 ndi 2012, komanso imene yakhala ikubwerabwera kuyambira 2022. Gwero lake ndi kusowa kwa ndalama zakunja zogulira mafuta. NOCMA ili ndi nkhokwe ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zokwana malita 60 miliyoni zonse pamodzi, koma nkhokwe imathandiza ngati muli kanthu. Khadi silibweretsa thankala. Ngati ndalama zanu zonse zili m'khadi la kampani imodzi, ndipo tsiku limenelo dizilo wafika pa kampani ina kutsidya kwa msewu, mudzangoyang'ana anzanu akumwetsa. Matemba ouma akhoza kudikira masiku angapo, koma mlamba ndi makumba aawisi, tomato ndi masamba sizidikira. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musaike ndalama zonse za mafuta m'khadi, siyani gawo lina pa Mpamba, pa Airtel Money kapena pamanja. Ndipo wina akakulonjezani kuti a makhadi sakhala pamzere, muuzeni alembe zimenezo m'pangano.

Lachitatu: m'khadimo mukusungidwa makwacha kapena malita? Funso ili ndi lalikulu kuposa mmene likuonekera. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 ndipo dizilo anachoka pa K1,920 kufika pa K2,734. Mitengoyi inakhala pafupifupi zaka ziwiri, kenako mu Okutobala 2025 petulo anafika pa K3,499 ndipo dizilo pa K3,500. Munthu amene anali ndi K273,400 m'khadi akanagula malita 100 a dizilo dzulo lake, koma m'mawa mwake ndalama yomweyo inali ya malita 78 okha. Ngati khadi limasunga makwacha, kuikamo ndalama za miyezi itatu sikukutetezani mtengo ukakwera. Ikanimo za sabata imodzi kapena ziwiri, zotsalazo zigwire ntchito pa feteleza, mbewu kapena ukonde.

Lachinayi: pali zolipira zanji? Funsani mtengo wotengera khadi, ngati pali yolipira mwezi ndi mwezi, ndalama yochepetsetsa imene amalola kuika, ndi mtengo wa khadi latsopano loyamba likatayika. Funsaninso nthawi imene imadutsa kuchokera pamene mwaika ndalama kufika pamene zaoneka m'khadi. Ngati mwaika Lachisanu masana ndipo zidzaoneka Lolemba, lole igona masiku atatu. Musaiwale kufunsa ngati ndalama zotsala zimabwezedwa mukafuna kusiya, ndiponso ngati zimatha mphamvu khadi likakhala osagwira ntchito. Ife ntchito yathu ndi ya nyengo. Mpunga uli ndi miyezi yake, nyanja imatsekedwa nthawi ya kuswana kwa nsomba, ndipo Chilwa ikaphwa monga inachitira mu 1995 ndi 2018, galimoto za nsomba zimaima miyezi yambiri.

Lachisanu: netiweki ikavuta kapena magetsi akazima, amatani? Kamakina kowerenga khadi kamadalira zimenezi. Dalaivala adziwiretu chochita akafika papampu thanki ili pansi, kamakina kakukana.

Lachisanu ndi chimodzi: khadi likatayika mumaimbira ndani, ndipo amalitseka pakapita nthawi yaitali bwanji? Nambala yoimbirayo ikhale m'foni ya mwini galimoto ndi ya dalaivala. Nambala yachinsinsi isalembedwe kuseri kwa khadi, ndipo dalaivala aziilemba yekha pakamakina, osaitchulira wothira mafuta.

Za zigubu

Ambiri mwa ife mafuta sitithira m'galimoto mokha. Pali injini za maboti opita ku Chisi, mapampu othirira mbewu m'dimba, zigayo za dizilo ndi majenereta. Zonsezi zimafuna chigubu. Nthawi za kusowa kwa mafuta MERA yakhala ikuletsa kugulitsa mafuta m'zigubu pokhapokha munthu ali ndi chilolezo. Kukhala ndi khadi sikuchotsa lamulo limeneli. Komanso khadi lomangiriridwa ku nambala ya galimoto silingagule mafuta a m'chigubu. Ngati zosowa zanu zambiri ndi za chigayo kapena boti, nenani zimenezo poyamba pomwe, ndipo funsani za chilolezo cha MERA mafuta asanayambe kusowa, osati mzere utafika kale kumsika.

Mafuta a mavenda a m'mbali mwa msewu amaoneka ngati chipulumutso, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo ena amasakaniza ndi palafini kapena madzi. Dizilo wosakaniza amawononga pampu ndi manozo a injini, ndipo kukonza zimenezo kumadya phindu la maulendo ambiri. Kugulitsa mafuta popanda laisensi n'kulakwira lamulo. Kusunga petulo m'nyumba yogonamo, pafupi ndi mbaula kapena koloboyi, n'kuika ana pamoto.

Khadi la ngongole ndi nkhani ya riba

Apa chikhulupiriro chathu chikukhudzidwa, choncho tinenepo mwachidule. Kutenga katundu lero n'kudzalipira tsiku lodziwika pa mtengo wodziwika n'kololedwa. Chovuta chimabwera pamene pangano likunena kuti mukachedwa kulipira, ngongoleyo iziwonjezeka ndi chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi. Imeneyo ndi riba. Mapangano ambiri a ngongole amakhala ndi ndime yotere m'zilembo zing'onozing'ono zakumapeto. Musanasainire, tengani pepalalo mukawerenge ndi a Shehe kapena munthu wodziwa malamulo a malonda m'Chisilamu. Khadi lolipiriratu lilibe vuto limeneli chifukwa mukudya zanu zomwe, ndipo kwa mwini lole wamng'ono ndilo losavuta kulisamala. Chinanso, musakatenge katapila kuti mudzaze khadi. Chiwongoladzanja cha katapila chimameza kakang'ono kalikonse kamene khadi likanakupulumutsirani.

Chimene khadi silingaone

Khadi limalemba zimene kamakina kauzidwa. Ngati wothira mafuta ndi woyendetsa galimoto agwirizana kudula malita 50 pakhadi koma m'thanki n'kuthira 40, sitetimenti idzaonetsa 50. Ndiye khadi lokha silikwanira, pamafunikanso kope.

Njira yake ndi yosavuta. Dzazani thanki mpaka pakamwa, lembani nambala ya makilomita imene ili pa dashibodi. Ulendo ukatha dzazaninso mpaka pakamwa, lembani malita amene alowa ndi nambala yatsopano ya makilomita. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malitawo. Mukachita zimenezi maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi, mudziwa mmene galimoto yanu imamwera ikanyamula ndi pamene ili yopanda kanthu, pa tala ndi pa fumbi. Tsiku lina nambalayo ikachoka pa 8 kufika pa 6, mudziwa kuti pali chofunika kufufuza, kaya ndi injini, kaya matayala, kaya munthu. Ngati mita ya makilomita inafa, ikonzeni kaye imeneyo musanaganize za khadi.

Papampu, woyendetsa atsike aone kuti mita yayambira pa ziro, ndipo atenge lisiti. Mapampu amayesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, choncho mukakayikira muyezo muli ndi kokadandaula, kumeneko kapena ku MERA.

Ndani akufunika khadi, ndani sakufunika?

Ngati muli ndi galimoto ziwiri kapena kuposa, zoyendetsedwa ndi anthu ena, zoyenda maulendo ataliatali chaka chonse, khadi lolipiriratu likhoza kukuthandizani ndithu. N'chimodzimodzi kalabu kapena kopaletivu ya alimi a mpunga imene ili ndi lole kapena thalakitala ya gulu. Ndalama ya gulu ndi amana, ndipo sitetimenti imene msungichuma angawerenge pamaso pa mamembala onse imathetsa mikangano yambiri. Pagulu, woika ndalama m'khadi akhale wina, wosunga khadi wina, wowerenga sitetimenti winanso.

Koma ngati galimoto ndi imodzi ndipo mumayendetsa nokha, kapena muli ndi njinga yamoto ya kabaza, khadi silikuwonjezerani kanthu kwenikweni. Kope ndi malisiti zikukwanirani. Ngati mumatuma mnyamata, funsani ngati pamalopo amalandira Mpamba kapena Airtel Money, kuti muzilipira nokha pafoni iye ali papampu, kenako abwere ndi lisiti.

Kupulumutsa kumene kuli m'manja mwanu

Pali zinthu zina zimene zimachepetsa mafuta kuposa khadi lililonse. Matayala opanda mpweya wokwanira amalemetsa galimoto. Sefa ya mpweya yodzaza fumbi la misewu ya kunyanja imapangitsa injini kumwa kwambiri. Kulongeza matani asanu pa lole ya matani atatu kumaoneka ngati phindu, koma kumadya dizilo, masipuling'i ndi matayala, kuwonjezera apo chindapusa cha pamsewu. Kusiya injini ikulira kwa ola lathunthu podikira katundu padoko n'kuwotcha ndalama. Kuthamangitsa kwambiri pa tala nakonso kumamwa mafuta.

Chachikulu pa zonse ndi kubwerera wopanda katundu. Lole yopita ku Limbe ndi mpunga n'kubwerako yopanda kanthu yawotcha theka la dizilo wake pachabe. Mutu umodzi susenza denga: alimi, ogulitsa nsomba ndi eni magolosale akagwirizana tsiku, galimoto yomweyo ikhoza kubwerera ndi feteleza, mchere, shuga kapena malata, ndipo mtengo wa ulendo ugawidwa pawiri. Pamenepo wa thumba limodzi la mpunga nayenso apuma.

Musanapite kukafunsa za khadi, yambani mwezi uno ndi kope. Lembani lita iliyonse, kilomita iliyonse ndi kwacha iliyonse kwa masabata anayi. Manambala amenewo ndiwo adzakuuzeni ngati khadi likufunika, malire oti muike, ndi kampani imene ili m'njira yanu. Mukatero mudzakambirana ndi manijala ngati munthu wodziwa bizinesi yake, Insha Allah.